Kusainira Achemwali

MUTU 7

1. Buku la pakhomo

Pakhomo pa wodi ya makanda panali kathebulo kotsimphina mwendo umodzi, ndipo pa kathebulopo pankakhala buku lalikulu lachikuto chakuda. Namwino aliyense akafika pa ntchito ankalembamo dzina lake ndi nthawi, kenaka n'kusaina. Bukulo linkati wodiyo ili ndi anamwino atatu. Koma inu mukanakhala pa benchi ya panja tsiku lonse n'kumawerenga ovala zoyera, mukanapeza awiri basi.

Woyamba anali mayi wachikulire amene aliyense ankawatchula kuti a Mkhalakale, poti anzawo onse amene anaphunzira nawo anapita kunja kalekale, iwo n'kutsala okha. Iwowa ankagwira usiku. Wachiwiri anali Mzime, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi amene anali atangotsiriza kumene maphunziro a unamwino. Kwawo anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamutsata mpaka kuchipatala.

Wachitatu anali achemwali ake a Mzime. Amenewa ndiye ankapezeka m'buku mokha. Eni akewo anali kutsidya kwa nyanja, kudziko lozizira kumene anapezako ntchito.

Nkhani yake inali motere. Boma litaona kuti anamwino akutha ngati madzi a m'ndowa yobooka, linaika lamulo loti aliyense amene laphunzitsa agwire kaye zaka zisanu asanachoke. Akakwanitsa, bungwe loyang'anira anamwino linkamupatsa kalata ya umboni, ndipo popanda kalatayo kunja sakanamusunga pa ntchito. Wothawa zaka zisanakwane, dzina lake linkafufutidwa m'kaundula wa anamwino.

Tsono achemwaliwo anali atatsala ndi miyezi iwiri yokha pamene chipatala cha kunjacho chinalemba kuti, "Bwerani tsopano, kalatayo ikutsatani pambuyo. Apo ayi malo anu tipatsa wina." Anatenga tchuthi cha mwezi umodzi, n'kukwera ndege mwakachetechete, osatsanzika ngakhale kwa alonda a pageti. Mwezi winawo anausiya m'manja mwa mng'ono wawo.

Wowagwira akanakhala ndani? Ametroni, mkulu wa anamwino amene ankayenera kumayang'ana bukulo, nawonso anali atapita kunja chaka chapitacho, ndipo mu ofesi mwawo munali akangaude okha. Choncho m'mawa uliwonse Mzime ankasaina dzina lake n'kugwira ntchito yake. Ikakwana wani koloko masana ankabwereranso pa kathebulo kaja, n'kusaina dzina la achemwali ake, n'kulowanso kukagwira ntchito yawo mpaka madzulo.

Anali atachita zimenezi masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Anatsala khumi ndi awiri.

2. Mawu a bambo

M'mawa wa tsiku limene tikunenali, Mzime anadzuka thupi lonse likuphwanya ngati wachita kumenyedwa. Anapeza bambo ake akumusitira yunifolomu pabalaza. Bambowa anayendetsa ambulansi zaka makumi atatu, ndipo chimwalirireni akazi awo, iwo ndiwo anali mayi, iwo ndiwo bambo.

"Ndamva kuti lero kukubwera a ku likulu," anatero osadzutsa mutu.

"Eya, bambo. Akuti akudzawerenga anamwino."

Bambowo anaimika simbi pambali. "Khala pansi, mwanawe, undimvere. Ine ndanyamula anthu ambiri m'galimoto ija, amoyo ndi akufa omwe, ndiye usamandione ngati za chipatala sindizidziwa. Mkulu wakoyu sanabe kanthu ka munthu. Wagwira zaka zinayi ndi miyezi khumi, akuunikira odwala ndi foni magetsi akazima, akuchapa magolovesi kuti avalenso mawa. Ndani anamuthokozapo? Pamene mayi ako ankadwala, ndani ankawatembenuza pa bedi? Pamene iwe unalephera mayeso a chaka choyamba n'kumalira kuti ukusiya sukulu, ndani anakhala nawe mwezi wathunthu akukufunsa mafunso? Lero wapeza mwayi wake, ndipo chimene akukupempha ndi masiku khumi ndi awiri okha. Ukatsegula pakamwa, amufufuta m'kaundula. Kunja amuthamangitsa, kuno samulandira. Adzabwera ndi chikwama chokha, n'kumakhala pakhonde apa manja lende, akukuyang'ana iweyo tsiku ndi tsiku. Iwe uzidzamuyang'ana ndi maso ati? Anthu a ku likuluwo amabwera n'kupita, mawa sadzakumbukira n'komwe nkhope yako. Koma uyu munayamwa bere limodzi. Akakufunsa, unene kuti wapita kukatenga mankhwala. Wamva?"

"Ndamva, bambo. Koma ndatopa. Dzulo ndinangotsala pang'ono kugwa ndi thireyi ya jekeseni."

"Limba mtima. Kutopa sikupha."

Bambowo ankanena zimenezi chifukwa cha chikondi, pamenepo tisawanamizire. Koma mawu otsirizawo analakwitsa, ndipo analakwitsa kwambiri.

3. Mawu a a Mkhalakale

Wodi ya makanda inali chipinda chimodzi chachitali, chotentha, mawindo ake otseka kuti tiana tisazizidwe. Munkagona ana obadwa masiku asanakwane ndi ena obadwa akudwala. Tsikulo analimo khumi ndi anayi, pamene timabedi tinalipo tisanu ndi tinayi.

A Mkhalakale anamuyendetsa Mzime bedi ndi bedi, akumuuza mmene ana achezera. Atafika pa kabedi ka kumapeto anaima. Munali kamwana kakang'ono zedi, kokwana m'manja awiri, kali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Kanabadwa ndi mnzake, koma mnzakeyo sanakhalitse. Mayi ake, amene onse ankawaitanabe kuti amake mapasa, anakhala pa kampando pafupi, maso ali tong'o pa mwanayo.

"Akaka ukayang'anitsitse," anatero a Mkhalakale. "Kamazula kapaipi ndi dzanja. Kakakhala mphindi zochepa popanda mpweya, tataya."

Kenaka anamukokera Mzime kuseri kwa kabati ya mankhwala, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, ine ndakhala chete masiku onsewa, ndipo kukhala chete kwangako ndikuchita nako manyazi. Mkulu wako ndinamuphunzitsa ndine kupeza mtsempha pa dzanja la khanda, sindimufunira zoipa. Kupita apite, ine sindimuweruza. Nanenso kalata yondiitana kunja inandipezapo, kungoti amuna anga anali gone pa mphasa. Koma munthu ukamachoka umanyamuka pa mpando kuti wina akhalepo. Iye wapita, dzina lake n'kulisiya litakhala pa mpando. Mayi amene akubwera lerowa ali ndi anamwino atsopano asanu okha oti agawe m'chigawo chonse chino. Wodi imene ili ndi anamwino osakwana atatu ndiyo ilandire. Akatsegula buku lija apeza atatu, atseka, akwera galimoto, ndipo kudzabweranso ndi chaka cha mawa. Iwe ukuwerenga masiku khumi ndi awiri, ukuyesa akatha wapuma? Ayi ndithu. Mkulu wako adzatumiza kalata yosiya ntchito, inde, koma anamwino asanuwo adzakhala atagawidwa kale. Titsala ine ndi iwe chaka chathunthu. Ine mawondo anatha. Iwe tadziyang'ana pa galasi, maso alowa m'kati ngati wodwala ndiwe. Tiana iti sitidikira munthu kuti apume kaye. Ukadzaphethira nthawi yolakwika, kamodzi kokha, udzasenza chinthu chimene sudzachitula moyo wako wonse. Ine sindikakunenera, poti nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwanu. Koma usadzati sindinakuuze."

 Misozi inalengeza m'maso mwa Mzime, koma anaibweza. A Mkhalakale anatola kachikwama kawo n'kutuluka akukoka miyendo.

4. Masana

M'mawa wonse Mzime sanakhale pansi. Uyu womwetsa mkaka ndi kapu, uyu wobaya jekeseni, uyu watentha thupi, uyo wasanza. Amayi a anawo ankamuitana mbali zonse, "Anamwino! Anamwino!" ngati alipo khumi. Chakudya chimene anatenga kunyumba chinangozizirira m'kabati.

Wani koloko itakwana anatuluka n'kusaina dzina la achemwali ake. Dzanja linali litazolowera, linkangoyenda lokha. Anatumizanso uthenga pa foni kwa achemwali akewo woti, "Ndasaina." Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Mng'ono wanga wagolide! Atsala pang'ono, pirira."

Cha m'ma fili koloko dzuwa linaomba pa malata, m'wodimo n'kukhala ngati mu uvuni. Ana ambiri anagona, ndipo amayi awo anatuluka kukachapa matewera. Mzime anakhala pa mpando kuti alembe m'makadi a odwala. Analemba mzere umodzi. Analemba wachiwiri. Wachitatu sanautsirize.

Musamuseke, inu amene simunaimepo chilili kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa milungu itatu. Tulo sitinagogode. Tinangomugwira pakhosi, mutu n'kugwera pa thebulo.

Chimene chinamudzutsa ndi dzanja lomugwedeza mwamphamvu.

"Mayo ine! Mwana wanga! Anamwino, mwana wanga wada!"

Anali amake mapasa. Mzime anadzambatuka, mpando n'kugwa. Anapeza kapaipi kali pambali, kamwana kali zii, milomo ili bii. Pachifuwa sipankagwedezeka.

Mutu unaima, koma manja anakumbukira zimene anaphunzira. Anakagoneka chagada, n'kukapukuta m'kamwa, n'kutenga kathumba kopopera mpweya. Anapopa. Anapopanso. Ankawerenga mokweza, thukuta likugwera pa nsalu. Amake mapasa anagwada pansi atagwira mwendo wa kabedi, akuitana Mulungu ndi mayi awo omwe.

Zinatenga mphindi zingati, Mzime sanadziwe. Anangoona kachifuwa kakukwera kokha, kenaka kamwendo kakupalasa. Kamwanako kanatulutsa kamawu kofooka ngati ka mwana wa mphaka. Anabwezera kapaipi m'mphuno, n'kumata bwinobwino.

"Kabwerera, mayi. Kakupuma."

Amake mapasa anadzuka pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangomuyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Ndinakuitanani katatu, anamwino. Ndimaopa kudzutsa ana enawa ndi phokoso, ndiye ndimaitana pang'onopang'ono. Katatu. Mmodzi ndaika kale m'manda. Ndikabwerera kwathu chimanjamanja, ndikanena kuti chiyani?"



5. Mayi a ku likulu

Pasanathe ola, panja panamveka galimoto. Analowa mayi wamtali, wa imvi zapatalipatali, atakumbatira mafayilo pachifuwa. Nsapato zawo zinali mbuu ndi fumbi, ndipo zinkaonekeratu kuti chipatala chimenechi sichinali choyamba tsikulo. Anapereka moni, n'kukhala pa kathebulo kaja, n'kutsegula buku.

Anayendetsa chala tsamba ndi tsamba. "Wa usiku alipo. Wa m'mawa alipo. Wa masana alipo. Koma ndiye muli ndi mwayi, anamwino. Kumene ndikuchokera ndapeza mtsikana mmodzi yekha akulera wodi ziwiri." Anayang'ana dzina la masana lija, kenaka n'kuyang'ana Mzime. "Ndinu amene mwasaina wani kolokoyu?"

"Ayi, mayi. Amenewo ndi achemwali anga. Ine ndine wa m'mawa."

"Nanga mukutani kuno mpaka pano? Iwowo ali kuti?"

Mawu a bambo ake anali okonzeka kale pa lilime. "Apita kukatenga mankhwala."

"Chabwino." Mayiwo analemba nambala m'fayilo mwawo, ndipo Mzime anaiona bwinobwino: atatu. Anatseka buku, n'kuimirira. "Kuno kulibe vuto. Tidzaonana chaka cha mawa, tikadzakhala ndi moyo."

Basi, zinali zitatha. Palibe amene anamukayikira, palibe amene anamuopseza. Chimene chinatsala n'kungoti "muyende bwino", achemwali ake n'kupulumuka.

Mayiwo anayamba kuyenda m'khonde, nsapato zili go, go, go. Mzime anacheukira m'wodi. Amake mapasa anali atabwerera pa kampando kawo, koma tsopano sankayang'ana mwana. Ankayang'ana iyeyo, ngati munthu amene akulondera mlonda.

"Mayi!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Mayi a ku likulu anaima n'kutembenuka.

"Ndanama, mayi. Achemwali anga sanapite kukatenga mankhwala. Ali kunja. Anapita mwezi wathawu. Amene wakhala akusaina dzina lawo ndine, ndipo ntchito yawo ndikugwira ndine. Lero ndinagona pa thebulo, mwana uyo anatsala pang'ono kufa. Tilipo awiri, mayi. Chonde, lembani awiri."

Atanena zimenezi anakhala pansi pa simenti pomwepo, akulira ngati kamwana.

6. Foni

Mayiwo anabwerera, n'kutsegulanso buku lija. Anafananiza masaini a m'mawa ndi a masana, tsamba ndi tsamba, kwa nthawi yaitali. Kenaka anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Dzuka, mwana iwe, khala pa mpando apa," anatero. Ulemu wa "inu" uja unali utatha, koma ukali panalibe. "Ine ndinali namwino usanabadwe. M'kalasi mwathu tinalimo makumi atatu, amene tatsala m'dziko muno ndife anayi. Lamulo la zaka zisanuli sindinalembe ndine, ndipo sindikuuza kuti ndi labwino m'zonse. Kumanga munthu mwendo si kumukhazika mtima pansi. Koma ndikamagawa anamwino ndimakhulupirira buku ili. Ukalinamiza, sunanamize ine, wanamiza tiana timene tili umo. Ukudziwa kuti mwanayo akanafa masana ano, pa khadi pake pakanalembedwa dzina la mkulu wako? Ukanamupatsa mlandu wa imfa ali kutsidya kwa nyanja, iwe ukuyesa ukumuthandiza. Chimene wachita pondiitanamu n'chovuta, ndipo akuluakulu ambiri sakanachita. Koma usayese kuti kunena zoona kufufuta zimene zachitika kale."

Anafufuta nambala ija n'kulemba ina.

"Namwino mmodzi mumulandira Lolemba. Zimenezo ndakulonjeza."

"Zikomo, mayi. Nanga achemwali anga?"

"Ndikalemba zonse monga zilili, za iwo ndi za iwe wemwe. Kusaina dzina la mnzako ndi mlandu, ndipo bungwe ndilo likaone ngati ukhalebe namwino. Likhala pansi Lachisanu sabata ya mawa. Mkulu wako akabwera yekha n'kukaonekera tsiku limenelo, ndikamulankhulira, mwina adzangomuwonjezera zaka zogwira kuno. Akapanda kubwera, dzina lake lichoka m'kaundula, ndipo kalata ija aiwale."

"Koma akabwera, malo awo kunjako atha."

"Atha, inde."

Mzime anagwira m'mutu. Akabwera, ataya ntchito imene anailota zaka zonsezi. Akakhala, ataya unamwino weniweniwo. Njira zonse ziwiri anatseka ndi iye, ndi pakamwa pake, ndipo kunyumba kunali bambo amene anali asanamve kanthu.

"Mkulu wako ndiye angasankhe, koma ayenera kumva lero kuti apeze ndege," anapitiriza mayiwo. "Ndingathe kumulembera kalata ya ku ofesi. Koma ndikanakhala ine, ndikanafuna kumva kuchokera kwa mng'ono wanga, osati pa pepala la chidindo. Uli ndi foni?"

Mzime anaitulutsa m'thumba la yunifolomu. Anafufuza dzina la achemwali ake n'kuimba. Anaiika kukhutu, akupemphera kuti isalowe, kuti netiweki ivute monga imavutira masiku onse.

Inalowa. Inangoitana kamodzi kokha.

"Mzime wanga!" Mawu a achemwali ake anamveka pafupi ngati ali m'khonde momwemo, osangalala, akupuma mothamanga. "Wachita bwino kuimba, ndimati ndikuimbire ndikaweruka. Ukudziwa? Lero andipatsa makiyi a kanyumba, kali ndi zipinda ziwiri. Chinacho ndi chako, ukadzatsiriza zaka zako. Iwe, bwanji uli chete? Bambo ali bwino? Mzime, ukulira? Wakulakwira ndani, undiuze?"